Dryer kapena chingwe? Yankho kwa mayi wa khanda ku Zomba

Mayi wina wa ku Zomba wandilembera imelo. Ali ndi khanda, mvula yakana kukata, matewera sakuuma, ndipo bambo akunyumba amene amagwira ntchito ku Johannesburg akufuna kuwatumizira makina oumitsira zovala, aja timati dryer. Apongozi akuti kumeneko n'kuseweretsa ndalama. Akufunsa ngati alole kapena akane.

Achemwali, mwakanda pamene pamandiyabwa. Nkhani ya zochapa nyengo ya dzinja ine imanditengera kutali, ndiye mundipirire.

Kwathu chingwe chinali ndi malamulo ake, ndipo mwini malamulowo anali amayi. Kunena zoona sichinali chingwe, anali waya, wochoka pamtengo wa mapeyala kukafika pangodya ya bafa, pakati atamuchirikiza ndi mtengo wa mphanda kuti asagwe ndi mabulangete. Usanayanike kalikonse unkayamba wadutsa ndi kansalu konyowa kupukuta wayayo, apo ayi malaya oyera a bambo ankabwera ndi mzere wa dzimbiri. Malaya ankayanikidwa chozondoka, mapegi akugwira m'munsi. Chitenje ndi diresi unkayamba watembenuza kuti zisasuluke ndi dzuwa. Zovala zamkati sizinkayenera kuonedwa ndi munthu wodutsa m'njira. Zinkabisala pansi pa chitenje kapena kukaumira m'bafa. Za mwana wakhanda sizinkagona panja ngakhale zikhale zikudontha. Amayi ankati kunja kuno kuli anthu oipa mtima amene akhoza kudulako kansalu pathewera la mwana. Kaya inu mumazikhulupirira kaya ayi, lamulolo linkatipulumutsa ku mame ndi kwa anyamata aja okolola majinzi pa waya wa eni ake.

Koma lamulo lalikulu linali la simbi. Chilichonse chochoka pa waya chinkadutsa kaye pansi pa simbi ya makala, ngakhale sokosi, ngakhale kabudula wamkati amene palibe adzamuone. Ife ana tinkang'ung'udza, makamaka amene tsikulo wagwidwa ndi ntchito yokupiza makala.

Chifukwa chake ndinadzachiona pamsana pa mwana wanga woyamba. Tinapita kumudzi kumaliro nyengo ngati inoyi. Zovala za ana onse zinkachapidwa pamodzi n'kuyalidwa pa udzu kuseri kwa nyumba, pansi pa mitengo, ndipo m'chipwirikiti cha maliro panalibe woganiza za simbi. Titabwerera mwana anayamba kulira usiku, osafuna kugona chagada. Pamsana panatuluka tizithupsa tofiira, tolimba. Agogo ena oyandikana nafe atamva kulirako anabwera, anamuika mwana pamiyendo n'kumuyang'anitsitsa padzuwa. Pakati pa kachithupsa kalikonse panali kabowo, ndipo m'kabowomo kanthu koyera kankasuzumira n'kubwerera. "Mphutsi izi," anatero, "tabweretsani Vaseline." Anamata tizithupsa tonse n'kukhala phee. Patapita kanthawi kanthu kaja kanayamba kukwera kufuna mpweya, iwo n'kufinya m'mbali pang'onopang'ono ndi zala ziwiri, mpaka kanatuluka kamphutsi konenepa ngati njere ya mpunga wophika, kakudzipinda pachala chawo. Mwana kulira, mayi wake kuliranso.

Ntchentche yake, imene asayansi amaitcha Cordylobia anthropophaga, siluma munthu ndipo siikira mazira pakhungu. Imafuna dothi lamchenga lapamthunzi pamene pali fungo la mkodzo kapena chimbudzi, kapena chovala chonyowa chokhala ndi fungo lomwelo, ndiye inu ganizirani thewera. Mazira amaswa pasanathe masiku atatu. Timphutsi take, tating'ono zedi, timangodikira, ndipo mwana akavala timaboola khungu n'kukhala momwemo masiku 8 mpaka 12 tikunenepa. Agalu ndi makoswe ndiwo amadwala kwambiri, n'chifukwa chake pakhomo pamene pali tiana tagalu vutoli silichedwa. Padzuwa lenileni ntchentcheyi siikirapo. Chovala cha pa waya padzuwa n'chabwino kuposa cha pa udzu kapena pampanda, ndipo chositidwa mbali zonse, makamaka m'misoko, chilibenso mantha.

Apa ndiwapatse bambo akunyumba kwanu zawo: dryer imathetsa vutoli, chifukwa chovala sichituluka n'komwe panja, komanso kutentha kwake kumapha mazira. Koma ntchito yomweyo simbi imaigwira, ndipo simbi muli nayo kale.

Chimene chikundivuta n'chakuti mphatsoyi yaganiziridwa kumene bambowo akukhala, osati kumene inu mukukhala. Ku South Africa, m'nyumba zija zambiri mumpanda umodzi zimene amati ma complex, malamulo ake amaletsa kuyanika zovala pamalo poonekera kunja pokhapokha komiti yoyang'anira malowo ikulole polemba. Munthu akakhala kumeneko zaka zingapo amayamba kuganiza kuti chovala pa chingwe n'chizindikiro cha umphawi. Ku America ndiye zinafika poseketsa. Mabungwe a eni nyumba m'madera ambiri analetsa zingwe, ati zimagwetsa mtengo wa nyumba, mpaka zigawo monga Florida, Colorado, Maine ndi Vermont zinachita kuika malamulo oteteza munthu wofuna kuyanika zovala zake padzuwa. Ku Ontario, m'dziko la Canada, ziletso zotere anazithetsa mu 2008. Tangoganizani akuluakulu a boma kuvala masuti, kukhala pansi, nkhani yake ya chingwe.

Ndipo matendawa afika kwathu kuno. Mnzanga wina amachita lendi m'nyumba zatsopano zija zoyalana mumpanda ku Lilongwe, ndipo eni nyumba anamuuza kuti zovala zisamaoneke munthu akaima pageti, ati zimanyansitsa malo. Iyeyo tsopano amayanika m'kanjira kopapatiza pakati pa khoma ndi mpanda, pamene dzuwa limangosuzumira masana, mathawulo n'kumanunkha chinyezi mu Okutobala. Mu Okutobala! Mwezi umene bulangete lochapa m'mawa umalianula usanadye nsima ya masana. Zimenezi ine zimandipsetsa mtima. Tili ndi zochepa zimene timapeza popanda kulipira m'dziko muno, ndiye chimodzi chokhachi tichichitenso manyazi? Nyumba imene panja pake pakuuluzika matewera ndi mayunifolomu ndi nyumba ya anthu aukhondo, ndipo amene amanyansidwa nayo ayambe wadzifunsa kuti malaya amene wavalawo anaumira kuti.

Palinso ntchito imene dzuwa limagwira yoti makina sangathe. Inu amene mukuyamwitsa mukulidziwa banga lachikasu lija limene limatsala pathewera ngakhale mutikite ndi sopo mpaka zala kusupuka. Liyanikeni thewera lomwelo lili lonyowa padzuwa la masana, pobwera kudzaanula mupeza bangalo lazilala kapena lachokeratu. Mu dryer kutentha kumangolikhazika.

Kumene dryer ili ndi ntchito yeniyeni ndinakuona. Mng'ono wanga amakhala ku Manchester, ndipo ndinakamuchezera nyengo yozizira. Mu Disembala kumeneko dzuwa limalowa 4 koloko masana isanakwane, ndipo masiku ambiri silioneka n'komwe. Nyumba yake ndi ya m'mwamba, yopanda bwalo, yopanda khonde. Zochapa ankaziyala pa zitsulo zotenthetsera m'nyumba, mawindo ali otseka chifukwa cha kuzizira. Zovala za mchapo umodzi zimakhala ndi madzi pafupifupi malita awiri, ndipo madziwo sathawira kwina, amatsala m'nyumba momwemo. M'mawa magalasi a mawindo ankachita kuchucha. Tsiku lina tinasuntha kabati ya zovala, kuseri kwake khoma lonse lili bii ndi chuku, nsapato za mwana zimene zinagwera kumeneko zitamera ubweya wobiriwira. Kumeneko chuku sachitenga mwamasewera: mu 2020 ku Rochdale, kufupi ndi Manchester komweko, mwana wa zaka ziwiri anamwalira ndi matenda a m'chifuwa obwera ndi chuku cha m'nyumba yalendi imene simunkadutsa mpweya bwino, ndipo imfa yake inachititsa kuti lamulo la eni nyumba lisinthidwe. Munthu wa kumeneko akagula dryer ine sindingamunene kanthu. Komabe mng'ono wangayo, ataona mmene mita ikuthamangira, anakagula kamakina kokoka chinyezi mumpweya, kaja amati dehumidifier, kamene kamadya magetsi ochepa, n'kumakaika pafupi ndi zovala m'chipinda chotseka.

Zomba si Manchester. Ndikudziwa kuti m'tsinde mwa phirilo mvumbi ukayamba mu Januwale kapena Febuluwale umatha masiku angapo osapuma, ndipo mu Juni ndi Julayi chiperoni naye amabwera ndi yake. Koma mukawerenga bwino, masiku amene zovala zimakanikadi kuuma ndi ochepa pachaka. Makina aakulu chotere akhala akudikira pakona miyezi yambiri, atafunditsidwa kansalu koluka, pamwamba pali maluwa apulasitiki.

Za magetsi, pulagi ndi moto

Dryer wamba imakoka mawati 2,000 kapena kuposa, ndipo kuumitsa mchapo wodzaza kumadya mayunitsi atatu mpaka asanu. Tiyerekeze anayi. Ndi khanda mukuchapa tsiku lililonse, ndiye pamwezi ndi mayunitsi 120 pa kuumitsa pokha, musanaphike, musanasite, musanayatse babu. Zilipo zina zamakono, za heat pump, zimene zimadya pafupifupi theka la zimenezo, koma n'zodula ndipo zimachedwa kuumitsa. Komanso nyengo imene mukuifuna kwambiri dryer ndi yomweyo imene magetsi amavuta, chifukwa ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo mvula ikachuluka zinyalala ndi matope zimatseka makina. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo panadutsa chaka ndi miyezi asanabwerere. Sola ya pakhomo, ija yoyatsira mababu, TV ndi kutchajira mafoni, singanyamule dryer.

Kenako pulagi. Mphamvu ya magetsi kuno ndi ku South Africa ndi yofanana, koma pulagi yawo ndi ya mano atatu obulungira pamene soketi zathu n'za mano a makona. Ambiri amathamangira kukagula kaadaputa kotchipa pamsika, ndipo kaadaputa kotero pa makina okoka magetsi ochuluka kamatentha n'kusungunuka. Onjezerani ndalama ya thiransipoti, msonkho wa paboda, ndi walanti, lonjezo lija la ogulitsa lokonza makina akaonongeka, imene idzatsale ku Johannesburg tsiku limene lamba wa makinawo adzaduke.

Za moto si nthano. Zovala zikamazungulira m'katimo zimathothoka tiulusi timene timaunjikana pasefa, ndipo tikafika pa chotenthetsera timayaka. Mu Ogasiti 2016 nyumba yayitali ya ku Shepherd's Bush mu London inagwira moto chifukwa cha dryer, ndipo mu 2019 kampani ya Whirlpool inauza anthu kuti abweze makina ambirimbiri a mtundu wa Hotpoint, Indesit ndi Creda chifukwa cha vuto lomweli. Tiulusi timeneto, musaiwale, ndi zovala zanu zomwezo zikutha pang'onopang'ono. Lasitiki wa timakabudula ta mwana ndiye sachedwa kufooka, ndipo timapanti tapulasitiki tovalira pamwamba pa thewera sitiyenera kulowamo n'komwe.

Ndiye achemwali, ine ndikanakhala inu ndikanawathokoza bambowo ndi mtima wonse n'kuwapempha kuti atumize ndalamazo m'malo mwa makina. Pezani kalipentala akukhomereni kadenga ka malata oonekera kuwala pamwamba pa zingwe, m'mbali mosatseka, chifukwa tsiku la mvumbi choumitsa zovala ndi mphepo. Ngati mumachapa pamanja, gulani makina ochapira aja a zigawo ziwiri. Mbali yofinyira ija imachotsa madzi ochuluka kuposa manja m'mphindi zochepa, pa magetsi ochepa, ndipo thewera lofinyidwa motero silichedwa. Zotsalazo onjezerani matewera kuti mukhale ndi osinthira ena akamauma. Mukayanika m'nyumba, tsegulani windo, yatsani fani, ndipo zovala zisagundane. Musaumitsire pa mbaula m'chipinda chotseka mmene mukugona mwana, mpweya wa makala umapha popanda fungo. Zonse za mwana zipitirize kusitidwa.

Ngati bambo agula kale ndipo katundu ali m'njira, ilandireni, musayambanire makina. Itanani wamagetsi aike pulagi yathu ya fyuzi ya 13 amp, ikhale pa soketi yakeyake, ndipo ngati ili ya paipi yotulutsa nthunzi, paipiyo itulukire panja. Muziponyamo zofinyidwa kale, muzichotsa tiulusi pasefa nthawi iliyonse mukamaliza, ndipo musamaisiye ikuzungulira mukamapita kogona kapena kumsika.