Ndalama zanga zinathera pa kauntala ya banki

Amayi, pepani, koma zoti boma liwapatsa kangachepe amuna anu chifukwa mgodi wawachotsa, chotsani kaye mumtima. Kuno ku Zambia kulibe malipiro a mwezi ndi mwezi a munthu amene ntchito yamuthera. Ndikulemba manja akunjenjemera chifukwa mwandikumbutsa 2015.

Ine ndinachoka ku Katete ndili mnyamata, ndinalowa pansi mu mgodi wa kopa ku Kitwe zaka 11. Mu 2015 mtengo wa kopa unagwa mpaka pansi pa madola 5,000 pa tani, pomwe mu 2011 unadutsa 10,000. A ku China anachepetsa kugula, madzi ku Kariba anatsika, magetsi n'kumangozima. Mtengo amaukonza ku London, koma wolira ndi wa ku Chamboli, komboni ya anthu a mu mgodi ku Kitwe. Tinachotsedwa anthu masauzande.

Kalata yondichotsa ntchito sinandipweteke kwambiri ayi. Chinandipweteka ndi tsiku la ku banki. Ndinadzuka m'mamawa, ndinavala jekete, mayi a kunyumba ndinawauza kuti lero tikagula malata. Pamzere tinali ife tokhatokha a mu mgodi, kumaseka, wina akuti agula minibasi. Nditafika pa kauntala kamtsikana kaja kanatembenuza pepala n'kundilozera ndi cholembera. Ngongole yonse imene ndinkayenera kubweza pang'onopang'ono zaka zitatu anadula tsiku limodzi pa ndalama zimene mgodi unandipatsa pondichotsa, osandifunsa. Ndinati mwina sindikuona bwino, werengani ndinu. Anawerenga. Zotsalazo sizikanakwana ngakhale lendi ya miyezi inayi. Ndinatuluka n'kukhala pa simenti panja, dzuwa likuswa mtengo, foni ikulira m'thumba, mayi akufunsa ngati abwereke wilibala ya malata. Sindinayankhe. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba, ndalama ya basi ndili nayo.

Ndipo anthu a ku banki omwewo ndi amene ankatitsatira pa geti la mgodi ndi mafomu a ngongole, kumatitchula kuti bwana! Akulu ena a yuniyoni amene tinkawadulira ndalama mwezi uliwonse kuti azitiyankhulira, foni zawo zinangoti zii. Kenako kunabwera ena a masuti kudzatilemba mayina kuti tipatsidwa minda. Ndinalembetsa kawiri, ndinajambulitsa zithunzi ndi ndalama zanga. Malo amene anandilozera ndi tchire, msewu kulibe, madzi kulibe. Munthu wazolowera kubowola mwala, ulibe ndi khasu lomwe, ukayamba bwanji?

Komabe inu zinthu zasinthako. Lamulo la ntchito la 2019 likuti wochotsedwa motere alandire malipiro osachepera miyezi iwiri pa chaka chilichonse chimene wagwira, ndipo akachedwa kupereka, azimulipirabe mwezi ndi mwezi mpaka atapereka. Asasaine pepala lililonse asanawerengetse zimenezo. Apite ku yuniyoni, inde ndawanyoza pamwambapa, koma wekha sungalimbe nawo mabwana aja. Ku banki apite iwo msanga ndalama zisanalowe, akakambirane za ngongole, akalembetse zomwe agwirizana.

Ku NAPSA, bungwe la boma losunga penshoni, kuyambira 2023 munthu amatha kutapa 20 peresenti ya zosonkha zake, ngati wasonkha miyezi 60 kapena wafika zaka 45. Ndi kamodzi kokha, ndipo penshoni yake imachepa. Ndikanati musaikhudze. Ine ndinatapa sabata yomweyo atalengeza, ndi imene inandigulira feteleza ndi kulipira mwana ku koleji, ndiye muone nokha.

Asaiwalenso kukayezetsa mapapo ku Kitwe, kuja timati ku silikosi (matenda a mapapo obwera ndi fumbi la mu mgodi), ndipo mapepala ake muwasunge ndinu, osati iwo. Fumbi lija limadzaonekera patapita zaka.

Minda akakalembetsa alembetse, mwina iwo adzachita mwayi. Ine pano ndikulima soya ndi mtedza pa munda wa malemu amalume ku Katete, malata aja ndinadzagula mu 2019.