Malire a ALT amachokera kuti?

Achimwene, mwati ALT yanu (chinthu chimene amayeza m'magazi poona m'mene chiwindi chilili) yatuluka 46 pomwe pepala likuti malire ndi 40, ndiye mukufunsa kuti 40 ameneyu anachokera kuti.

Akatswiri amasonkhanitsa anthu athanzi osachepera 120, kawirikawiri opereka magazi. Amayamba achotsapo omwe ali ndi matenda a chiwindi a hepatitis B kapena C, omwa mowa kwambiri, amayi oyembekezera ndi omwe ali pa mankhwala a TB. Otsalawo amawayeza, n'kudula 2.5 peresenti ya pansi ndi 2.5 ya pamwamba. Zotsala pakatizo ndiwo malire. Choncho mwa anthu 20 athanzi, mmodzi amagwera kunja popanda vuto lililonse.

Chimene chimandiwawa n'chakuti malabu ambiri amangotenga manambala obwera ndi makina, oyezedwa pa anthu a ku Ulaya kapena America, osati pa ife. Komanso malire a abambo ndi amayi amasiyana, ndipo ALP, chinthu china chimene amayeza m'magazi, imakwera mwa mwana amene akukula chifukwa cha mafupa.

46 isakusowetseni tulo, koma musainyalanyaze. Kaonaneni ndi dokotala, kaya ku Queens, muwauze zoona ngati mumamwa kachasu, mankhwala azitsamba kapena Panado pafupipafupi. Mupemphenso kuyezedwa hepatitis B, ndipo ALT ikayezedwenso pakapita masabata angapo.