Hiware Bazar: anthu ake, malo ake ndi njira yofikirako

Achemwali, mwafunsa kuti popeza mukupita kukaphunzira zaulimi mumzinda wa Pune ku India, mudzi wa Hiware Bazar umene aphunzitsi anu amautchula kawirikawiri uli ndi anthu angati, ndi waukulu bwanji, ndiponso mungafikeko motani.

Mudziwu uli m'chigawo cha Maharashtra, m'boma limene kale linkatchedwa Ahmednagar koma kuyambira mu 2024 likutchedwa Ahilyanagar. Kalembera wa mu 2011 anapeza kuti mumakhala anthu oposa pang'ono 1,200, ndipo chiwerengero chimenechi ndi chimene mabuku ambiri amagwiritsabe ntchito chifukwa kalembera wa mu 2021 anaimitsidwa ndi mliri wa Covid-19. Malo ake ndi mahekitala pafupifupi 976, koma musaganize kuti onsewo ndi nyumba zokhazokha, chifukwa ku India boma likamati mudzi limawerengera pamodzi minda, madambo odyetsera ziweto, nkhalango ndi mapiri onse amene ali mkati mwa malire olembedwa m'kaundula wa malo. Mukagawa, mupeza kuti pa sikweya kilomita imodzi pamakhala anthu osafika 130, pamene m'dziko lonse la India mu 2011 ankakwana 382.

Chimene ndikufuna muchigwire ndi chakuti kumeneko chiwerengero cha anthu chimatsatira madzi, osati kukula kwa malo. Derali lili kuseri kwa mapiri a Western Ghats, kumene mitambo imafika itakhuthula kale mvula yake, ndipo chilala choopsa cha mu 1972 chitadutsa, mabanja ambiri anasiya minda yawo n'kupita kukafuna maganyu ku Pune ndi ku Mumbai. Zinthu zinatembenuka cha m'ma 1990 pamene a Popatrao Pawar, atasankhidwa kukhala sarpanch, ndiye kuti mtsogoleri wa khonsolo ya mudzi, anatsogolera anthu kukumba ngalande zopingasa m'mapiri, kumanga timadamu ndi kubzala mitengo kuti madzi a mvula azilowa pansi. Anagwirizananso kuleka kulima nzimbe ndi nthochi chifukwa zimamwa madzi ambiri, ndiponso kusagulitsa malo kwa anthu obwera. Zitsime zitadzaza, mabanja amene anathawa aja anayamba kubwerera, ngakhale kuti mahekitala anali omwe aja. Ine ndimaona kuti lamulo loletsa kugulitsa malo ndi limene linateteza phindu lonselo, chifukwa pakanapanda ilo anthu andalama a m'tauni akanagula minda itangoyamba kubereka.

Ulendo wake si wovuta. Kuchokera ku Pune kukafika mumzinda wa Ahilyanagar pali makilomita pafupifupi 120, ndipo mabasi a boma a MSRTC, amene eni ake amangowatchula kuti ST, amayenda pamsewuwu tsiku lonse kwa maola atatu kapena kuposerapo pang'ono. Mzindawu ulinso ndi siteshoni ya sitima panjanji yochokera ku Daund kupita ku Manmad, koma kwa munthu wochokera ku Pune basi ndiyo yosavuta. Kuchokera mumzinda wa Ahilyanagar kukafika ku Hiware Bazar pali makilomita pafupifupi 17, ndipo apa ndikulangizani kuchita hayala galimoto kapena njinga yamoto ya matayala atatu, mutapangana ndi woyendetsa kuti akudikireni, chifukwa mabasi olowa m'midzi sabwera pafupipafupi monga a pamsewu waukulu. Njira yomweyi ndi imene anyezi ndi mkaka wa m'mudzimo zimatulukira kupita kumsika.

Ngati mungathe kusankha nthawi, mupiteko mu Okutobala, mvula imene imagwa kuyambira Juni mpaka Seputembala itangotha, kuti mukaone timadamu tili ndi madzi, ndipo mukapemphe kuti akufotokozereni mmene amayezera madzi a m'zitsime asanagwirizane mbewu zimene adzale m'nyengo yotsatira.