P0455 si pampu, musalipire kaye

Akulu imani kaye, mwalemba kuti motoka yanu yayatsa nyale ya check engine, makina aonetsa code ya P0455 ndipo amakanika akuti musinthe pampu ya mafuta. Ndalama ya pampu yomwe akuuzaniyo musapereke!! P0455, nambala yomwe kompyuta ya motoka imatulutsa posonyeza vuto, sitanthauza kuti pampu ya mafuta yafa, ndawerenga positi yanu mtima wachita kuwawa chifukwa ine anandidyera ndalama pa code yomweyi. Imangonena kuti mpweya wa petulo ukuthawa penapake pakati pa thanki, mapaipi ndi kabokosi ka makala kaja amati canister. Kompyuta imadziyesa yokha, ikaona kuti thanki sikusunga mpweya basi check engine yayaka. P0455 ndiye kuti pothawirapo ndi papakulu, P0442 ndi kabowo ka pafupifupi 1 mm, P0456 theka la pamenepo moti ndi maso simungakaone.

Yanga itayaka ndinapita pa galaji ina kuno ku Chipata, dzina sinditchula. Munthu kulumikiza makina, kuwerenga code, osayang'ana ngakhale kapu ya thanki, ati "bwana pampu yatha". Anasintha, anafufuta code, nyale inazima, sabata isanathe yabweranso. Ati manje ndi canister, ndalama zinanso.

Ndiye Loweruka lina tikupita ku maliro ku Katete, ndathira full tank, amake mwana kutsogolo, apongozi ndi ana kumbuyo. Titangodutsa Mtenguleni fungo la petulo linadzaza mkati ngakhale mawindo onse ali otsegula, kamtsikana kanga kanayamba kusanza, apongozi aphimba mphuno ndi chitenje ali duu osanena kanthu. Ndinaimika pambali nkutukula mpando wakumbuyo, kutsegula kachitseko ka pamwamba pa thanki, abale inu petulo ali thithithi kuzungulira pampu yatsopano ija, akuyenderera kutsikira pansi chakufupi ndi ekizozi yotentha. Labala la pampu analipinda pomanga, mbali ina lili panja likuoneka ndi maso. Miyendo inafooka. Ndinatulutsa onse kuwathamangitsira kuseri kwa ngalande, pomwepo bambo wina wa njinga ya makala akubwera ndudu ili pakamwa, ndinakuwa ngati wamisala mpaka anatsika njinga nkubwerera mbuyo. Ana anga anakhala pamwamba pa petulo ameneyo kuchokera ku tawuni!!

Banja linakwera minibasi, ine ndinatsala padzuwa kudikira yondikoka. Kumuimbira foni munthu uja ati "mwina munathira mafuta ambiri bwana". Manyazi alibe, pepani sananene, ndalama mpaka lero sanabweze, ndipo akugwirabe motoka za anthu.

Amene anandithandiza ndi mnyamata wina chakufupi ndi Kapata yemwe ali ndi makina a utsi. Anapopera utsi mu paipi, unatulukira pa labala lopindidwa lija, atalikonza unatulukiranso pa kapu ya thanki, labala lake linali long'ambika. Vuto kuyambira pachiyambi linali kapu basi.

Inu musachite mantha, code imeneyi payokha siyoopsa, motoka imayenda bwinobwino. Yambani ndi kapu, onani labala, pukutani fumbi ndi dzimbiri pakamwa pa thanki, mangani mpaka ilire kuti kete kete. Mukagula ina gulani ya orijino, zotchipazi zambiri sizitseka. Fufutani code muyende masiku angapo mafuta ali chapakatikati, chifukwa thanki ikadzaza kwambiri kapena ikatsala pang'ono kuuma kompyuta siyesa. Ikabwerera chotsani purge valve ku injini, ija imalowetsa mpweya wa petulo wa mu canister mu injini, muuzire ndi pakamwa, yopanda magetsi iyenera kukhala yotseka, mpweya ukadutsa yafa. Vent valve yakumbuyo, ija canister imapumira mpweya wa panja, ndiyo imakhala yotsegula, ndipo ngati mumayenda misewu ya fumbi ya kumidziyi imadzaza dothi nkukanika kutseka. Onaninso mapaipi, makoswe amatafuna makamaka motoka ikamagona pafupi ndi nkhokwe. Ndipo zija zogwedeza motoka pa filling station kuti alowe ambiri siyani, petulo amasefukira mu canister nkuiwononga.

Amakanika musawakhulupirire ndithu, koma zonsezi zikakanika pezani wa makina a utsi, muime pomwepo muone nokha potulukira asanamasule bawuti iliyonse. Koma ngati mukumva fungo la petulo mkati, ipakeni lero lomwe, ana asakweremo.