Mwana wanga amayimba zilembo koma sazizindikira

FUNSO: Ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 5 amene amayimba nyimbo ya zilembo kuyambira A mpaka Z osalakwitsa, koma ndikamuonetsa chilembo chimodzi papepala amangondiyang'ana. Ndikamupatsa kope ndi pensulo amalira n'kuthawira kwa anzake. Kodi ndingamuthandize bwanji asanayambe giredi 1? Ndine mayi wa ku Kapata, ku Chipata.

YANKHO: Amayi, mtima ukhale m'malo, chifukwa mwana wanu sanachedwe. Nyimbo imene amayimbayo imatchula mayina a zilembo m'Chingelezi, pamene kuwerenga m'chinenero chathu kumadalira kamvekedwe ka chilembo. Mwana amene analoweza kuti A ndi "eyi" amasokonezeka akaona mawu akuti "amama". Mwayi wathu ndi wakuti zilembo za liwu zilipo 5 zokha, a, e, i, o, u, ndipo chilichonse chimamveka chimodzimodzi m'mawu onse. Yambirani pamenepo.

Kope lija lisungeni kaye, pakuti zala za mwana wamsinkhu umenewu zimatopa msanga ndi pensulo. Tulukani naye pabwalo, mulembe "o" wamkulu pamchenga ndi kamtengo, iye aziyenda pamzerewo akutchula liwu lake. Tsiku lina muumbe naye zilembo ndi dongo, monga momwe ana amaumbira ng'ombe, n'kuziyanika padzuwa kuti azizisunga ngati zake. Masewera amene ine ndimawakonda koposa ndi phada: jambulani mabokosi pansi, mulembe chilembo chimodzi m'bokosi lililonse ndi khala, ndipo mwana asadumphe asanatchule chilembo chimene mwala wake wagwerapo. Anzake amene amathawirako aja muwaitane, chifukwa mwana amalimbikira kwambiri akaona mnzake akutchula bwino.

Akazigwira zisanuzo, onjezani "m" kuti apange ma, me, mi, mo, mu, kenaka "t" ndi "k". Posachedwa adzawerenga yekha mawu ngati "moto" ndi "make", ndipo chimwemwe cha tsiku limenelo n'chimene chidzamubwezere ku kope lija. Musaiwale chilembo choyamba cha dzina lake, poti ana amachikonda kuposa china chilichonse. Mukapita naye kumsika wa Kapata, mumupemphe achisake pazikwangwani ndi pamapaketi a shuga kapena sopo.

Mphindi 10 patsiku n'zokwanira, ndipo ndi bwino kulekeza iye akadali ndi chidwi. Akasokoneza "b" ndi "d", kapena akalemba chilembo chotembenuka, musamukalipire kapena kumuseka pamaso pa anzake, chifukwa zimenezi zimachitika kwa ana ambiri mpaka zaka 7 ndipo zimatha akazolowera. Koma mukaona kuti amatsinzinira maso poyang'ana chilembo chachikulu, kapena sayankha mukamuitana ali chakumbuyo, pitani naye kuchipatala kuti akamuyeze maso ndi makutu.