Ndinakiya ndi rimoti koma andibera, zatheka bwanji?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala ku Ulongué. Sabata yatha ndinapita ku Tete, ndinaimika galimoto pafupi ndi msika nkudina rimoti ngati masiku onse, pobwera ndapeza chikwama cha laputopu palibe koma galasi silinaswedwe, loko ali bwinobwino. Ndimafuna ndiikenso loko wa manambala kunyumba koma pano mantha andigwira. Ndithandizeni.

YANKHO: Pepani kwambiri achimwene, zimawawa zimenezi. Mwachidziwikire galimotoyo sinakiyike nkomwe. Rimoti imatumiza uthenga pa mafunde a wailesi, zambiri pa 315 kapena 433 MHz, ndiye wakuba amaima chapafupi ndi kachipangizo kotchedwa jammer kamene kamasokoneza mafundewo, inu mwadina mwatembenuka mukupita, chitseko chili chosakiya. Mukadina muziona ngati ma indiketa aphethira, kenako kokani chogwirira cha chitseko ndi dzanja, osachita manyazi anthu akakuyang'anani.

Galimoto zoliza ndi batani zija zili ndi vuto lina, akuba awiri amatha kukoka siginolo ya kiyi ili m'nyumba mpaka galimoto nkutseguka panja. Usiku kiyi musamaisiye pawindo, ikulungeni mu foyilo (pepala lonyezimira la aluminiyamu lija) kapena muiike m'kachitini kotseka bwino kuti siginolo isatuluke.

Za kunyumbazo ikani, koma gulani loko wokhala ndi kiyi wamba wapadera chifukwa mabatire amatha, makamaka ndi kutentha kwathu kuno. Nambala yobwera nayo kusitolo, ngati 123456, isintheni tsiku lomwelo, musinthenso wantchito akachoka. Ine mpiringidzo wachitsulo wamkati sindingauchotse ayi.