Musalowe m'mundamo chiletso chisanachotsedwe

Achimwene, mwafunsa kuti khoti lakuletsani kulima munda womwe mukukanganirana ndi asuweni anu mpaka mlandu utatha, koma mvula yagwa, ndiye mukangodzala mwakachetechete angakuchiteni chiyani. Chonde, khasu lanu lisakhudze nthaka imeneyo.

Mukalima, mwadziputira mlandu wina pamwamba pa wa mundawo, wonyoza khoti. Pamlandu umenewu woweruza safunsa kuti munda ndi wa yani. Amafuna kudziwa ngati chikalata cha chiletso chidakufikani, ngati mudadziwa zomwe chikunena, komanso ngati mwachiphwanya dala. Akakupezani wolakwa atha kukulipiritsani chindapusa, kukutumizani kundende, kapena zonse ziwiri, ndipo ndalama zomwe anzanuwo awononga pokadandaula angakusenzeni inu. Mukalephera kulipira zimenezo, masherifu amabwera kudzatola katundu pakhomo.

Khoti siliona nkhope pa zimenezi. Amene muli ku Joni mukukumbukira kuti mu June 2021 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa lidalamula Jacob Zuma kukakhala kundende miyezi 15 chifukwa chokana kukaonekera ku komishoni ya Zondo, yomwe inkafufuza za katangale m'boma, ngakhale khotilo lidamulamula kutero. Munthu woti adakhalapo mtsogoleri wa dziko!

Ine izi ndidaziona pa malume anga. Iwo ankati munda ndi wa agogo, pepala silingawaletse. Adaunga mizere, nkudzala mtedza. Anzawo adangojambula zithunzi pafoni, mizere yatsopano ili mbee, nkupita nazo kukhoti. Tsiku la mlanduwo ndidawaona akulu aja atagwira chipewa kumanja, mawu akunjenjemera, akupepesa pamaso pa woweruza. Adagulitsa mbuzi ziwiri kuti alipire, ndipo chomwe chimandiwawa mpaka lero n'choti pamlandu weniweni wa munda mawu awo sadalinso olemera.

Ndikumvetsa kuti kuphonya mvula yoyamba ndi njala ya chaka chamawa. Nkhawa imeneyo ndi yomwe mukaiuze khoti. Mawa m'mawa lawirirani kukhoti lomwe lidapereka chiletsocho, mukapemphe kuti lichichotse kapena lichisinthe, mwina akuloleni kulima chaka chino mlandu ukuyenda. Ngati mulibe ndalama za loya, pitani ku Legal Aid Bureau mutatenga chikalatacho. Ngakhale mutachita apilo, chiletso chimagwirabe ntchito pokhapokha khoti litalamula kuti chiyambe chaima. Anyamata aganyu nawonso musawatume, chifukwa akalima m'dzina lanu mlandu ukhala wanu ndithu.